Kumene Pepala Linathera

Kalata inabwera Lachiwiri. Amene anaitsegula ndi mwana wanga, telala uja, chifukwa iye chilichonse chobwera mu envulopu amachiyesa chake. Anaiwerenga ali chiimire, mapini atatu ali pakamwa, ena atawasomeka pakolala monga mwa masiku onse.

"Amayi, sukulu yanu ija yakwanitsa zaka makumi asanu. Akukuitanani ku chikondwerero."

"Yamba walavula mapiniwo. Tsiku lina udzameza, ndipo ine ndilibe msana wobereka munthu wamkulu."

"Akuti mukalandira satifiketi."

"Ya chiyani? Ya tsache?"

"Akuti palibe amene anagwira ntchito nthawi yaitali pamenepo kuposa inu. Komanso akatsegulira holo yatsopano, ndipo mapu akale aja awakonza, akawapachika m'menemo."

Atatchula mapu ndinasiya kuseka. Ndinati ndipita. Iye anadabwa, poti anali atakonzekera kukangana nane mpaka Loweruka.

Sukuluyo si ya madokotala. Dokotala amadikira kuti udwale. Pamenepo amaphunzitsa anthu amene amatsekereza matenda asanalowe m'nyumba: oyendera misika ndi malo ophera nyama, oyeza madzi a m'zitsime, oyeza ana pasikelo, obaya katemera. Ine ndinasesa ndi kukolopa pamenepo zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma nkhani yanga ndi sukuluyo inayamba ndisanagwire tsache lawo.

Chaka chimene sukulu inatsegulidwa, kolera inagwa m'dera la kuseri kwa mpanda wake. Anthu ankafa ngati nkhuku za chitopa. Mphunzitsi woyamba wa sukuluyo, mnyamata wamtali wovala magalasi, anatenga ophunzira ake khumi ndi awiri n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Nyumba iliyonse anaipatsa nambala, kuilemba ndi penti pachitseko, kenako kuijambula papepala lalikulu. Pamene pafa munthu ankasomekapo pini ya mutu wofiira. Mapini atachuluka anaona kuti aunjikana mozungulira chitsime chachikulu cha pakati pa dera. Anatseka chitsimecho ndi simenti. M'malo mwake anaika mpopi pageti la sukulu, wochokera m'thanki yawo, ndipo nyumba iliyonse ya nambala anaipatsa khadi lotungira madzi, poti thankiyo inali yaing'ono.

Mapini anathera pa makumi atatu ndi imodzi. Kuyambira pamenepo sukuluyo ili ndi mawu amene imanyadira, ndipo wophunzira aliyense amawamva sabata yake yoyamba: chitsekereni chitsime, sipanafenso munthu.

Kumapeto kwa deralo kunali ngalande yaikulu yodutsa madzi a mvula, ndipo kutsidya kwake kunali nyumba zisanu ndi imodzi. Ina mwa izo inali yathu. Ifenso tinkatunga pachitsime chomwecho. Ophunzira aja ankafika ndi mabuku awo mpaka m'mphepete mwa ngalande, kutipatsa moni ndi dzanja, n'kubwerera. Ife tinkati mawa awoloka. Sanawoloke.

Chitsime chitatsekedwa ndinapita kumpopi ndi ndowa yanga. Mlonda wa pageti anatambasula dzanja.

"Khadi."

"Ndilibe, bambo."

"Nambala ya nyumba?"

"Sanatilembe. Timakhala kutsidya."

"Ine andiuza kuti wopanda khadi asatunge. Pitani mukaonane ndi akuluakulu."

Akuluakulu anali otanganidwa ndi maliro a anthu a nambala. Mwamuna wanga anali kutali, kumene ankapanga msewu. Choncho ife a kutsidya tinayamba kutunga kukhwawa, kumunsi kumene ngalande imathira.

Ndinali ndi mwana mmodzi nthawi imeneyo, wamkazi, wa zaka ziwiri ndi theka. Tinkamutchula Kabatani chifukwa mchombo wake unali wotuluka ngati batani la jekete, ndipo aliyense wobwera pakhomo ankamuvundukulira kadiresi kuti aone. Sindinali mbuli. Ndinafika sitandade sikisi, ndinkadziwa kuti madzi a kukhwawa ndi oipa. Sabata yathunthu ndinawawiritsa. Kenako kunagwa mvula ya masiku awiri osakata, nkhuni zonse zinanyowa, moto unakana. Mwana analira ludzu. Ndinamupatsa kapu imodzi.

Mawa lake masana ndinali pamsewu wa kuchipatala, iye ali kumbuyo. Ndisanafike pamlatho ndinamva kulemera kwake kwasintha. Mayi aliyense amene anaberekapo mwana akudziwa kusiyana kwa mwana wogona ndi zimene ndikunenazi. Sindinapitirire. Ndinatembenuka n'kubwerera naye kunyumba. Kuchipatala sanamuone, kusukulu sanamumve, palibe buku limene analowa.

Patapita zaka ziwiri ndinamva kuti pasukulupo akufuna wosesa. Mimba sisankha khomo. Ndinapita, anandilemba. Tsiku loyamba anandipatsa tsache, chikolopa ndi kansanza, nandisonyeza khonde la kutsogolo kwa kalasi. Pakhoma panali mapu aja.

"Awa muzipukuta mosamala, amayi," anatero mphunzitsi uja. "Pini ikagwa, musaibwezere nokha. Mundiitane. Pini iliyonse ndi munthu."

Ophunzira ankamutchula a Nambala, chifukwa ukawauza kuti kumsika kuli ntchentche, iwo ankafunsa kuti zingati. Anali ndi mawu amodzi amene ankabwereza chaka ndi chaka, akumenya tebulo ndi choko: "Chimene sunalembe sichinachitike!" Ine ndinkawamva pazenera ndikukolopa. Ophunzira ankaseka ndi kuwayeseza. Ine ndinkafinya chikolopa.

Tsiku lina anandituma kuyeretsa kabati ya mu ofesi yawo. Pansi penipeni panali kabokosi ka mapini otsala. Anati ndikataye, achita dzimbiri. Ndinataya onse kupatula imodzi. Ndinaiika m'kabokosi ka machesi. Mabokosi ndasintha ambiri, amang'ambika, koma pini ndi yomweyo. Kangapo konse ndinaima patsogolo pa mapu, khonde lili zii, pini ili m'manja. Koma ndikanaisomeka pati? Pepala linathera pangalande penipeni. Nyumba yathu inali pakhoma.

Sabata ya chikondwerero mwana wanga anandizunza. Anandisokera diresi ya mizere, kundiyeza katatu ngati ndikukwatiwa. Anagulanso nsapato za chidendene cholimba.

"Zanga zija zili bwino."

"Zanu zija zikuseka, Amayi. Chala chikuonekera."

"Chala n'changa, anthu akudziwa kuti ndili nacho."

"Simukapita kukandichititsa manyazi pamaso pa madokotala."

Ndinazivala. Tisanafike pokwerera basi zinali zitandiluma kale chidendene. Kabokosi ka machesi ndinakaika m'chikwama iye asakuona.

Pasukulu panali posazindikirika. Matenti atatu oyera, mipando ya pulasitiki yovekedwa nsalu ngati nayonso yaitanidwa, mabaluni pageti pomwe panali mpopi uja. Mtengo wa mango umene ndinausesera masamba moyo wanga wonse anaudula kuti magalimoto aziima. Anatikhazika kutsogolo, kumene tenti inathera ndipo dzuwa linayambira. Mwambo wa naini koloko unayamba leveni itadutsa. Analankhula wapampando wa izi, wachiwiri kwa wapampando wa izo, ndipo aliyense ankayamba ndi kunena kuti sachulutsa mawu. Atatu mwa iwo ananena za chitsime. Atatu onse anamaliza chimodzimodzi: sipanafenso munthu. Anthu ankaomba m'manja.

Satifiketi ndinalandira. Dzina analemba bwino, chaka analakwitsa. Amene anandipatsa ndi mkulu wa sukulu wa masiku ano, mayi wonenepa wa imvi zochepa. Ndinamuzindikira. Ali wophunzira ndinamupezapo kuchimbudzi akulira atalephera mayeso a za udzudzu, ndipo ndinamuuza kuti alirire kumbali ndikolope. Anandikumbatira nthawi yaitali kuti wojambula ajambule bwino.

Dzuwa litafika paliwombo, wina anaganiza kuti nkhalamba zingakomoke mwambo usanathe. Anatitengera kukhonde lakale lija, pamthunzi. Mwana wanga anapita kukasaka madzi akumwa. Pakhoma pamene panali mapu panatsala chigamba cha penti yosasuluka ndi mabowo anayi a misomali. Pansi pa chigambacho anaimikapo chikuku cha odwala, ndipo m'chikukumo munali a Nambala.

Ndinali nditamva kuti anafa ziwalo mbali imodzi. Dzanja lamanja linali pamwendo ngati la munthu wina, pakamwa patapendekeka. Anawaveka suti yaikulu kuposa iwo ndi duwa pachifuwa. Mpongozi wawo, amene ankawakankha, anali kutali pang'ono akulankhula pafoni. Anandiyang'ana kupyola pamwamba pa magalasi monga kale.

"Amayi a tsache. Mukadali moyo?"

Lilime lawo linali lolemera, mawu akutuluka ngati akuwakoka pamatope. Koma ine ndinawamvetsera munthuyu zaka zambiri, ndikanawamva ngakhale ali m'thumba.

"Ndikanafa bwenzi mutandiwerenga, Aphunzitsi."

Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. "Taonani pakona apo. Kangaude. Nthawi yanu kunalibe zimenezi."

"Nthawi yanga inu ndi amene munkabweretsa matope ndi nsapato."

"Ndinkachokera kuntchito."

"Inenso ndinali pantchito."

Kutenti kunkamveka wina akuthokoza amene anapereka mipando. Ndinaganiza kuti munthuyu sindidzamuonanso, ndipo ngati ndikhala chete lero ndiye kuti ndakhala chete mpaka kumanda. Ndinakokera mpando pafupi, kutsegula chikwama, kutulutsa kabokosi. Pini ndinaiika pachikhatho chawo chamoyocho.

Anaiyandikitsa kumaso. "Ya mapu anga iyi."

"Inatsala m'kabati. Munandituma kukataya."

"Ndiye mwaisungiranji?"

"Pamapu anu pakusowa munthu."

"Ayi." Anapukusa mutu mwamphamvu. "Makumi atatu ndi mmodzi. Ndinawerenga katatu, ndinayerekeza ndi buku la kuchipatala."

"Uyu kuchipatala sanafike. Anafera kumsana kwanga."

Sananene pepani. Ndikanadabwa akanatero. Anawongoka m'chikukumo momwe akanathera, n'kuyamba kundifunsa ngati ndili m'kalasi.

"Liti?"

"Patatha masiku khumi chitsekereni chitsime."

"Zaka?"

"Ziwiri ndi theka. Wamkazi."

"Zizindikiro?"

"Kutsegula m'mimba koyera ngati madzi otsukira mpunga. Kusanza. Maso kulowa m'kati. Khungu ukalitsina osabwerera."

"Anakuuzani ndani zimenezi?"

"Ndinaziona ndi maso tsiku limodzi. Kenako ndinazimva pazenera ilo zaka makumi atatu ndi zinayi."

"Madzi ankamwa a kuti? Pampopi panali mankhwala, ndinkathira ndekha."

"A kukhwawa."

"Chifukwa chiyani? Khadi lanu linali kuti? Nyumba nambala chiyani?"

"Inalibe nambala, Aphunzitsi."

Pamenepo mafunso anatha. Anatseka maso.

"Kutsidya kwa ngalande," anatero.

"Ndiye munkakudziwa."

"Nyumba zisanu."

"Zisanu ndi imodzi."

"Zisanu ndi imodzi." Anapuma. "Tinali ndi pepala lalikulu limodzi lokha, amayi. Tinayambira kujambula kumpanda wa sukulu, tikutsika. Pofika pangalande, pepala linatha. Ndinauza anyamata kuti tidzamata lina m'munsi. Makadi tinalemba poyang'ana mapu. Kenako imfa zinaleka, anthu anabwera kudzatiyamikira, ndipo za pepala lachiwiri…"

"Sizinaleke. Zinangowoloka."

"Bwanji simunanene? Zaka zonsezi, tsiku lililonse mwadzuka bwanji, mwadzuka bwanji. Bwanji?"

Funso limenelo ndinadzifunsa ndekha kambiri, ndiye yankho linali pafupi. "Poyamba ndinkaopa ntchito. Ndinali ndi ana ena oti adye, ndipo wosesa sakonza masamu a mphunzitsi. Koma chachikulu si chimenecho. Mukanandifunsa ngati ndinawiritsa. Tsiku limenelo sindinawiritse. Amene anamupatsa kapuyo ndi dzanja ili."

Anayang'ana dzanja langa. Kenako ndi dzanja lawo lamanzere, pini ikadali pakati pa zala, ananyamula lamanja lakufalo n'kuliimika pang'ono.

"Lotseka chitsime ndi ili. Lolemba makadi ndi lomweli."

Analisiya, linagwera pamwendo. Ine sindikonda zolira pagulu, ndipo sindinalire. Ndinangowatengera pini ija isanagwe.

"Ena?" anafunsa. "Kutsidyako. Sangakhale mmodzi."

"Nkhalamba ina yosoka nsapato, sabata yomweyo. Ndi khanda la mnzanga wa nyumba yoyandikana ndi yathu. Eni ake onse anapita kale. Ndatsala ndine wowakumbukira."

"Makumi atatu ndi anayi," anatero, osati kwa ine.

Mwana wanga anafika ndi mabotolo awiri a madzi. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana ya Aphunzitsi. Nthawi yomweyo anabwera wina kudzatiitana kuti holo ikutsegulidwa.

Holoyo inkanunkha penti. Mapu anali pakhoma la kutsogolo, ataphimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Mkulu wa sukulu anakoka chingwe, nsalu inakodwa pakona, wojambula anaikodola ndi dzanja. Mapu aja anali m'bokosi lagalasi, m'felemu yatsopano ya matabwa onenepa, yomangidwa ndi masikuluwu. Pepala linali lachikasu ngati dzino la nkhalamba, mapini onse ali m'malo mwake. Pansi pake panali chikwangwani cha mkuwa cholembedwa mawu aja, ndi nambala ija. Ndinaona galasilo mtima unangoti fwaa. Zaka zonsezi mapu anali poyera, ine ndikuwapukuta ndi dzanja langa. Tsiku limene ndinalimba mtima ndi limene anawatsekera.

Woyendetsa mwambo, mnyamata wa mawu okoma ngati wa pawailesi, anati tsopano timve mawu amodzi kapena awiri kuchokera kwa kholo lathu. Anagwadira chikuku n'kuika maikolofoni pakamwa pa a Nambala. Holo yonse inati zii.

"Makumi atatu ndi anayi," anatero Aphunzitsi.

M'zokuzira mawu munatuluka phokoso ngati la ng'ombe yodwala. Anthu anayang'anana. Anayesanso, mtsempha wa pakhosi utaima.

"Si mmodzi. Anayi. Mapu awa ndi operewera. Kutsidya kwa ngalande…"

Malovu anatsika pambali pa kamwa. Mpongozi wawo anawapukuta msanga. Mnyamata uja anachotsa maikolofoni n'kuimirira akumwetulira.

"Agogo athu akuti mtima wawo wadzaza, mawu akuwaperewera! Akuti mapu awa ndi onyaditsa! Tiwaombere m'manja!"

Anaomba. Ena anaimirira. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Ayi ndithu, ukalamba ndi matenda. Munthu wa masamu ngati uja mpaka kusokoneza nambala." Aphunzitsi ankamenya chikuku ndi dzanja lamanzere, ndipo anthu ankaganiza kuti nawonso akuomba.

Atalengeza kuti chakudya chakonzeka, holo inakhuthuka ngati ndowa yobooka. Mpongozi uja anagwira chikuku kuti atuluke, koma Aphunzitsi anakanikiza tayala ndi dzanja.

"Pitani mukadye, mayi," ndinamuuza. "Ine ndiwayang'anira. Ndawazolowera."

Tinatsala atatu. Mwana wanga anakankha chikuku mpaka pansi pa mapu.

"Amayi, chikuchitika n'chiyani?"

"Mkulu wako uja," ndinatero. "Amene sunamuone. Malo ake ali apa."

Ankadziwa kuti kunali mwana iye asanabadwe. Zambiri sindinamuuzepo, nayenso sanafunsepo. Anaika dzanja pakamwa.

"Galasi silitseguka," ndinawauza Aphunzitsi.

"Galasi la chiyani? Nyumba yanu siili papepala." Analoza ndi chala. "Ngalande ndi mzere wa m'munsiwo. Inu munali kunja kwake. Pathabwa. Kuchokera pakamlatho ka matabwa kowolokera ngalande, munali kumanja kapena kumanzere?"

"Kumanzere. Nyumba yachiwiri."

"Mapazi angati kuchoka pangalande?"

"Aphunzitsi, ndinkawerenga mapazi ine?"

"Yerekezani."

"Makumi awiri, mwina."

"Ndiye theka la chala kutsika. Sunthani. Ayi, mwapitirira. Bwererani pang'ono. Pamenepo."

Ndinaika nsonga ya pini pafelemu n'kukanikiza ndi chala chachikulu. Thabwalo linali louma gwa. Ndinaopa kuti pini ya zaka makumi asanu ithyoka, ndipo ina ndinalibe. Ndinavula nsapato ija imene inandiluma tsiku lonse, n'kugogoda ndi chidendene chake pang'onopang'ono, monga ugogoda pachitseko cha wodwala. Katatu, kanayi. Inalowa. Inapindika pang'ono, koma inaima.

"Atsala awiri," anatero Aphunzitsi.

"Ndinasunga imodzi yokha."

Mwana wanga anapinda kolala ya diresi yake ya paphwando. Kunsi kwake kunali mapini, monga ndinkadziwira kuti sangachoke pakhomo opanda. Anasolola awiri, ina ya mutu woyera, ina yachikasu.

"Si ofiira," anatero.

"Akufa sasankha," ndinatero. "Bweretsa."

Ya nkhalamba yosoka nsapato tinaisomeka kumapeto, pafupi ndi kona. Ya khanda lija inakhala pambali penipeni pa Kabatani, poti nyumba zathu zinkagundana madenga. Ndikugogoda yachitatu ndinamva mapazi.

"Amayi! Felemu yatsopano imeneyo!"

Anali mkulu wa sukulu, mbale ya keke ili m'manja. Anali atabwera kudzaitana Aphunzitsi kuti akadule nawo keke yaikulu. Anaona nsapato m'dzanja langa, phazi langa lili pasimenti. Aphunzitsi anamukodola. Iye anaika mbale pampando n'kugwada pambali pa chikuku, khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Analankhula nthawi yaitali. Pena sankamva, ankayang'ana kwa ine, ine n'kumasulira. Atamaliza, mayiyo anakhala chogwada, akuyang'ana mapini atatu aja.

"Ine mawu a pachikwangwaniwa ndawaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu," anatero motsitsa.

"Lembani," anatero Aphunzitsi.

Anafufuza m'thumba, anapeza cholembera, koma pepala analibe. Anatenga pulogalamu ya mwambo pampando n'kuitembenuza.

"Tsiku? Zaka? Dzina lake ndani, amayi?"

Ndinamuuza dzina lake lonse, lenileni, limene ndinali ndisanalitchule mokweza chichokereni kumanda. Linatuluka lolimba ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. Analemba, nandiwerengera kuti ndimve ngati walemba bwino. Dzina la wosoka nsapato sindinalidziwe, tonse tinkangoti agogo a nsapato, ndipo analemba choncho. Khanda lija linafa lisanapatsidwe dzina.

"Chikwangwanichi sindingachisinthe ndekha," anatero. "Pali komiti."

"Sindinakupempheni. Mapiniwo okha asachoke."

Kaya anachisintha, kaya pulogalamuyo inathera m'kabati, sindikudziwa. Aphunzitsi anawatenga kukadula keke. Podutsa pafupi nane anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, kulimba kwake ngati mwana woopa kuwoloka msewu. Anamwalira mvula isanayambe, ndinamva kwa mwana wanga.

Tisanachoke ndinasaka wosesa wa masiku ano. Ndinamupeza kuseri kwa holo akutolera mabotolo, mayi wa msinkhu wa mwana wanga. Ndinamutengera kumapu n'kumusonyeza.

"Mukuwaona awa? Popukuta muzizungulira. Musagwiritse nsanza yonyowa, achita dzimbiri. Ina ikagwa musataye, bowo lake likuoneka."

"Ndi a chiyani, amayi?"

"Ndi anthu. Komanso kukhonde lakale kuli kangaude pakona."

Pobwerera sitinakwere basi pageti. Mwana wanga anati tidutse kuseri. Ngalande ija anaikwirira kalekale, pamwamba pake pali msewu wa tala ndi mashopu a matayala. Ndinamusonyeza pamene ndikuganiza kuti panali nyumba, koma mwina ndinaphonya. Ndinkayenda wopanda nsapato, iye atazinyamula pamodzi ndi satifiketi, ndipo ulendo uno sananene za manyazi.

"Anali wotani, Amayi?"

"Wovuta ngati iwe. Ankaluma. Anali ndi mchombo ngati batani."

"Basi?"

"Anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Ukufuna akhale ndi zingati?"

M'basi ndinapisa dzanja m'chikwama kufuna kansalu kopukutira thukuta, ndipo ndinakhudza kabokosi ka machesi. Zaka zonsezi ndinali ndi chizolowezi chokagwedeza pang'ono, kuti ndimve kuti pini ilimo. Ndinakagwedeza. Sikanalire.